Anandimetera mu Holo ya Dansi

Ayi, mpandowo usiyeni, ndiyankhula chiimire. Miyendo ikadalipo.

Amayi ndi abambo, mwaona ndavula mpango pamaso panu. Musadabwe, mutu wopalawu ndiwo ndabwera nawo kuti muuone. Ine ndine Nambewe wa ku Nsungwi. Kusukulu sindinapondeko, posayina ndimadinda chala, ndiye zimene ndinene pano sizochokera m'buku ayi. Ena mwa inu munayamba mwandiona pa foni tisanakumane. Eee, ndikukuonani mukuwerama. Musawerame. Gogo woledzera uja, wovina yekha mpaka kugwa uja, ndinali ine ndithu.

Amuna anga anali a Kadzuwa, Mngoni wa ku Ntcheu. Ali mnyamata ankaperekera zakudya ku hotela, ndipo kumeneko ndiko anaba ndi maso dansi ya awiriawiri ija, yoti mwamuna aika dzanja kumsana kwa mkazi, mkazi aika lake paphewa, n'kumazungulira mwaulemu ngati anthu. Atapuma ntchito ya fodya ku Kanengo, anachita lendi nyumba yaikulu ya a Chimwaza kuseri kwa msika, yomwe kale munali chigayo. Anagumula pansi ponse, n'kuthira simenti yatsopano, kuisalaza okha chogwada mpaka mawondo kutupa. Ine yanga inali kupaka polishi wofiira ndi kupukuta ndi bulashi ya kuphazi. Pansi pamenepo munkadziona nkhope, ndikukuuzani. Imeneyo ndiyo inali holo yathu.

Mkati mwa sabata kunkabwera operekeza akwati kudzaphunzira masitepe olowera pa ukwati. Ana a masiku ano miyendo ili ngati mitengo, koma a Kadzuwa ankawawongola. “Iwe mphwanga, ukuvina kapena ukupha nyerere?” Loweruka masana inali nthawi ya ife akuluakulu. Aphunzitsi opuma, azimayi a kumsika, alonda, aliyense ndi wake, nsapato zopukuta. Mowa sunkalowa m'menemo. Ine ndi amuna anga ndife tinkatsegula bwalo, ndiponso ndife tinkatseka.

Ndiye kunabwera matenda a kolona. Boma linati anthu asasonkhane, asagwirane manja. Nanga dansi yathu si kugwirana kumeneko? Tinakhoma loko. Amuna anga ankapitabe m'mawa uliwonse kukasesa holo yopanda anthu. Nyengo ya mvula itafika anayamba kutsokomola. Anawatenga pa galimoto akupuma ngati munthu wothamangitsidwa, ine anandikaniza kukwera. Sindinawaonenso. Anawaika m'manda a mu tauni muno anthu ovala zoyera mpaka kumaso, ine nditaima uko, kutali ngati wodutsa m'njira. Kusiwa sitinagone. Nyimbo sitinaimbe. Nkhope yawo sindinaione, thupi lawo sindinalikhudze.

Apa mumvetsetse, makamaka inu obadwira mu tauni. Kwathu mwamuna akamwalira, mkazi amamanga duku lakuda. Tsitsi sapesa, kugule sapita, amakhala choncho mpaka akuchimuna abwere, adzamumete, amumasule. Wekha sungadzimete. Amene amayenera kundimeta ine anali alamu anga, a Esitere, mlongo wawo wa malemu, a ku Ntcheu. Nditawaimbira foni, anangoti, “Mwamukwirira mchimwene wanga ngati galu ku tauniko, ife osaponyapo ngakhale kadothi? Zikomo kwambiri, alamu.” N'kudula. Nanenso mtima unauma. Ndinati amene wandilakwira ndi iyeyo, ayambe ndiye kuimba. Iwo uko kudikira ine, ine kuno kudikira iwo, duku lili kumutu.

Tulo tinathawa. Mayi wina woyandikana naye anati, “Tamwani kakang'ono aka, mugona.” Ndinagonadi. Mawa lake kakang'onoko sikanakwane. Mwezi usanathe ndinali nditadziwa ndekha njira ya ku shabini ya kumtsinje, kumene amatcheza kachasu. Inu nonse muli muno, olimbana ndi mowa ngati ine, mukuidziwa njira imeneyo, sindichedwapo. Ndinagulitsa mipando ya mu holo. Ndinagulitsa masipika. Ndinagulitsa suti ya malemu, yomwe ankavala Loweruka, ndipo ndinakumana nayo itavalidwa ndi wogulitsa makala. Mdzukulu wanga Tadala, amene ndinamulera kuyambira mayi ake atatisiya, anandibisira botolo tsiku lina. Ndinamumenya ndi chipande kumaso, mwana woti akugwira kale ntchito ku saluni. Anamanga katundu wake n'kupita kwa mnzake ku Area 23, osalira n'komwe.

Matenda atachepa, maukwati anayambiranso. Ana ankagogoda pakhomo panga. “Agogo, tatsegulani holo, ukwati wathu wayandikira.” Ine kuyankha ndili mkati, “Sindinametedwe.” Akuluakulu a Loweruka aja ankanditumira mawu. Yankho lomwelo. Ndipo sindinkanama ayi, mumtima ndinkaopadi kuti ndikaponda pa simenti ija ndisanamasulidwe, ndawanyoza amuna anga. Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu: mawu omwewo ankanditetezanso kuti ndizimwa mwamtendere. Munthu wamasiye ndani angamudzudzule?

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Dukulo sindinkalivula ngakhale posamba, masiku amene ndasamba. Tsitsi linaluka lokha pansi pake, linauma ngati chikumba, nsabwe zinamanga mudzi. Anthu mu minibasi ankasuntha.

Kenaka a Chimwaza anabwera, chipewa chili m'manja. Munthu wabwino, sanakalipe. Anati, “Mayi, ine ndapirira chifukwa cha malemu. Koma nyumba ija ikungogona. Mvula ikatha ndiidula zipinda, ndiikemo alendi. Pansi paja tidzakumba maziko a makoma.” Ndinangoti, “Kumbani.” Atachoka ndinapita kumtsinje.

Tsiku limenelo dzuwa linali pamutu. Wailesi ya pa shabini inaika nyimbo yakale, yomwe ija tinkatsekera Loweruka. Anyamata ena amene anali pamenepo, mmodzi mwa iwo woti tinamuphunzitsa ife masitepe a ukwati wa mkulu wake, anayamba kukuwa. “Agogo a masitepe! Tationetsani kakale kaja, tikugulirani kena!” Ine amene ndinakaniza ana a eni kuti sindinametedwe, ndinaimirira chifukwa cha kachasu wa m'kapu. Ndinakweza manja m'mwamba, lina paphewa pa munthu woti palibe. Ndinazungulira. Ndipo abale anga, kwa kanthawi kochepa ndinamva dzanja lawo kumsana kuno. Kenaka phazi linakola kireti, ndinagwa chagada, chitenje uko, ndinadzinyowetsa pomwepo. Iwo kuseka, mafoni ali m'mwamba.

Kanemayo anayenda. Anafika ku Kawale, ku Chinsapo, anafika kwa Tadala ku saluni makasitomala akuonetsana osadziwa kuti amene akuwaluka ndi mdzukulu wa gogo wakugwayo. Anafika mpaka ku Ntcheu.

Apa ndiyende pang'onopang'ono.

Linali tsiku la msika, m'mawa dzuwa litangotentha. Ndinali pa benchi ya kumtsinje ija, kapu yoyamba ili m'manja. Ndinangoona mthunzi waima patsogolo panga. Nditakweza maso, ndi a Esitere, kachikwama kali m'khwapa, fumbi la basi lili m'mapazi, Tadala ali kumbuyo kwawo. A Esitere anali atakalamba, maso ngati a mchimwene wawo ndendende. Ndinadikira kutukwanidwa. Ndinali nditakonzeka kale zobwezera.

Iwo sanayang'ane kapu. Anayang'ana kumutu.

“Alamu, duku ili ndi lomwe lija?”

Ndinati, “Ndi lomwe lija.”

“Chiyambire?”

“Nanga akanandivula ndani?”

A Esitere anatembenukira anyamata amene ankatiyang'ana. “Inu agalu inu, tajambulaninso. Bwanji mwasiya? Mulibe amayi kwanu?” Anandigwira padzanja mwamphamvu ngati mwana wothawa jakisoni. “Dzukani. Kiyi wa holo ali kuti?”

Kiyi anali pa chingwe m'khosi mwanga. Ndicho chinthu chokha chimene sindinagulitse, mwina chifukwa palibe akanagula.

Loko anali atachita dzimbiri, Tadala anamumenya ndi mwala kuti atseguke. Mkatimo munali fungo la mileme. Fumbi linali litakwirira kufiira konse kuja. Pakona a Chimwaza anali atalowetsa kale njerwa ndi mchenga kudzera khomo lakumbuyo, ndipo amisiri anali atajambula ndi makala mizere pansi, posonyeza mokumba. Mzere wina unadutsa pakati penipeni, pamene ife tinkayambira kuvina. Ine ndinaima pakhomo.

“Lowani,” anatero a Esitere.

“Sindinametedwe.”

“Ndiye ndabwerera chiyani? Kudzagula tomato?”

Anatenga njerwa ziwiri n'kuzisanja pakati pa holo, pa mzere womwewo, n'kundikhazika. Anamasula duku. Linakana, linali litamatirira ku tsitsi, anachita kulidula ndi sizasi. Fungo limene linatuluka, Tadala anatembenukira kukhoma. A Esitere sanatembenuke. Anayamba kudula, chikumba chija chikugwa pansi mapisi mapisi, nsabwe zikuyenda m'manja mwawo. Anatuma Tadala madzi ndi sopo, anatulutsa lezala m'kachikwama kaja. Anali atagula kwawo asananyamuke.

Akupala, anayamba kuyankhula, osati ndi ine, koma ndi mchimwene wawo. “Achimwene, ndine Esitere. Ndachedwa. Ndinakwiya kuti sindinakuikeni, ndiye mkwiyo wangawo ndinausenzetsa mkazi wanu. Mkazi wanu ndi uyu, mwamuona mmene wathera. Amene anakutayani si iye, ndi matenda. Lero ndikumumasula. Musamutsatenso ku shabini. Mukafuna kumuona, muzibwera muno.”

Abale anga, chimwalirire amuna anga ndinali ndisanalire. Kumanda kuja ndinangoti kakasi. Koma lezala lija litadutsa pamwamba pa khutu, mphepo n'kukhudza khungu la mutu wanga, china chake chinang'ambika m'chifuwa muno. Ndinalira maliro onse amene anatiletsa aja. A Esitere anaika lezala pansi n'kulira nawo, Tadala nayenso. Azimayi a kumsika atamva anabwera akuthamanga, kuganiza kuti kwagwa zovuta. Atamva chimene chikuchitika sanabwerere. Anakhala pansi m'fumbi momwemo n'kuyamba nyimbo ya maliro. Siwa ya a Kadzuwa inachitika dzuwa likuswa mtengo, mu holo yawo, patapita nthawi yonse ija.

Titatha, a Esitere anakulunga tsitsi ndi duku kuti akatenthe. Anandipatsa tsache. “Sesani. Nsabwe zanu sindikusesereni ine.” Nditasesa pamene ndinakhala paja, kufiira kunaonekera pansi pa fumbi.

Tsopano musaganize kuti lezala limachotsa kachasu. Bodza limenelo sindikuuzani. Lezala linachotsa chobisalira changa, ludzu linatsala.

Masiku oyambawo ndinadwala ngati ndifa. Thukuta, kusanza, kuona zinthu zikukwawa pakhoma. A Esitere ndi Tadala ananditengera kuchipatala, ndipo ndinawauza adokotala zoona, kuti ndimamwa kuyambira m'mawa. Inu amene mwamwa nthawi yaitali, musasiye muli nokha m'nyumba mutadzitsekera, mungafe. Pitani akakuoneni, ndipo musakaname kuti ndi malungo.

A Esitere anakhala nane mpaka nthawi yokolola. Njira ya kumtsinje anandiletsa, ngakhale ndiyo yachidule popita kuchigayo. Mpaka lero ndimazungulira kumsewu waukulu. Tadala anabwerera kunyumba. Ndinamugwadira, ine gogo wake, chifukwa cha chipande chija. Anati, “Agogo, dzukani, anthu aona.” Ndinati aone, anaona kale zoposa izi. Chipsera chili pamwamba pa diso lake mpaka lero, ndimachiona m'mawa uliwonse.

Kenaka tinapita kwa a Chimwaza. Ndinavula mpango kuti aone mutu. Anapukusa mutu wawo. “Mayi, njerwa ndagula kale, amisiri ndapangana nawo.” A Esitere anati, “Bambo, amisiri sathawa. Apatseni mayiwa mpaka nyengo yozizira ithe. Mukapeza holo ilibe anthu, ine ndemwe ndidzakugwirirani khasu.” Anavomera monyinyirika.

Nthawi imene ludzu linkandigwira kwambiri inali m'mawa, ndiye m'mawa ndimo ndinkapita ku holo. Kukolopa, kupaka polishi, phazi pa bulashi, uku ndi uku, mpaka thukuta, mpaka ludzu litatopa lisanandigwetse. Mizere ya makala ija inafufutika pansi pa phazi langa.

Oyamba kubwera anali anzake a Tadala a ku saluni, operekeza ukwati wa mnzawo. Sipika tinalibe, ndinamwera. Tadala anaika foni mu ndowa yachitsulo kuti mawu akule. Pakhomo tinaika ndowa ina ya madzi ndi sopo, mawindo onse tsegu, chifukwa ena ankaopabe kugwirana. Atsikana ndinawawongola bwinobwino. Koma anyamata atafunsa kuti, “Agogo, ife tiyambe phazi liti?” ndinayang'ana mapazi anga. Moyo wanga wonse ndinavina ngati mkazi, wotsogoleredwa. Masitepe aamuna sindinawaphunzirepo, anali a a Kadzuwa. Ndinatuluka panja, ndipo ndikuuzeni, miyendo inaloza kumtsinje. Ndinafika mpaka pa mlatho, pa shabini ija. Kumeneko ndinamwa kapu imodzi. Eee, ndinagwanso, ndisakubisireni. Ndinabwerera ndikununkha, ana aja atapita, Tadala atakhala yekha pa njerwa.

Sanakalipe. Anaimirira n'kunena kuti, “Agogo, ndigwireni mmene ankakugwirirani agogo aamuna.” Ndinaika dzanja kumsana kwake. Ndinatseka maso n'kukumbuka pamene chala chawo chinkakanikiza akafuna kuti ndibwerere m'mbuyo, pamene chikhatho chinkandikoka akafuna kuti ndizungulire. Ndinakanikiza pomwepo pa msana wa mwanayo, iye n'kubwerera. Ndinakoka, iye n'kuzungulira. Mapazi anga anatsatira okha. Kani masitepe aamuna aja anali olembedwa kumsana kwangaku zaka zonsezi. Kuyambira tsiku limenelo kapu sindinaigwirenso, ndipo ndikamanena chonchi ndimanena za mpaka lero m'mawa, za mawa adziwa ndi Mulungu.

Loweruka la akuluakulu ndilo linandipweteka. Ndinayenda khomo ndi khomo kuwaitana. Abale anga, kolona inakolola. Kumene kunali awiri ndinkapeza mmodzi. Mayi wina anati, “Ndikavine ndi ndani, Nambewe? Ndi mpando?” Ndinati, “Mudzavina ndi ine, ndine mwamuna masiku ano.” Anaseka koyamba. Loweruka loyamba anabwera ochepa, amasiye okhaokha, atakhala m'mbali mwa khoma ngati ali pa chipatala. Ndinawadzutsa mmodzimmodzi. Amayi kuvina ndi amayi anzawo, bambo wina wopuma ulonda kuvina akulira, misozi ikugwera pa tayi. Loweruka linalo aliyense anabwera ndi mnzake.

Nyengo yozizira itatha a Chimwaza anabwera Loweruka masana, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja. Anayang'ana nthawi yaitali. Nyimbo itatha anandiitanira panja. “Mayi, ndaona. Koma njerwa zija sindingazidye. Ndidula mbali ya kumbuyo, zipinda ziwiri. Kotsalako vinani.”

Ndipo anadula. Ndinaimirira pomwepo amisiri akukumba simenti ya amuna anga ndi piki, mbali imene ankaikako mpando wawo ndi wailesi. Sindinachoke, ndinafuna ndione ndi maso anga chimene kachasu wanga anagula. Chidutswa chimodzi chofiira ndinatola, chili pawindo kunyumba. Holo yathu tsopano ndi yaifupi. Tikamazungulira timafika pakhoma msanga, timachita kupindira. Koma pakati paja, pamene anandimetera, sanakumbepo. Pamenepo ndi pamene ndimatsegulira bwalo.

Tsitsi sindinalisiyenso kuti likule. Likangomera, Tadala amandipala, kuti ndikagwira kumutu ndizikumbuka.

Ndiye ndimalize ndi inu, amayi anzanga. Ndakhala ndikuyang'ana muno chiyambire kuyankhula, ndaona maduku akuda angapo, ndipo ena ndi akale, atuwa. Sindikufunsani kuti mumamwa chiyani, fungo ndimalidziwa. Ndikufunsani kuti amene akuyenera kukumetani ali kuti, ndipo mwakhala mukudikirana naye mpaka liti. Ine ndinadikira mpaka anandiona pa foni nditagwa chagada. Inu musadikire zimenezo. Muimbireni lero, muyambe ndinu, ngakhale wolakwa ali iyeyo. Ngati foni mulibe, Tadala ali pakhomo apo, ali nayo.

Akabwera, ngati kwanu kuli kochepa kapena mukuchita manyazi ndi anansi, bwerani naye ku holo, kuseri kwa msika wa Nsungwi. Njerwa ziwiri zija ndinazisunga. Mukametedwa ndidzakupatsani tsache, musese nokha. Kenaka Loweruka mudzabwere ndi nsapato zosatsetsereka kwambiri, chifukwa pansi paja ndapukuta ine.